Nambala ya update isakupusitseni pogula galimoto yamagetsi

Mizere ya mafuta ikatalika m'mafilingi siteshoni, anthu ambiri amayamba kufunsa za galimoto zoyendera magetsi. Amalonda amene amaitanitsa galimoto zakale ku Japan ndi ku Britain, n'kukazitenga padoko la Dar es Salaam, akuonanso galimotozi pa intaneti. Pa malonda ena pamalembedwa kuti galimotoyo ili ndi pulogalamu yatsopano, ndipo pambali pake amaikapo nambala yaitali. Musanatumize mpamba wanu, dziwani zimene nambalayo ikunena ndi zimene sikunena.

Galimoto yamagetsi imayendetsedwa ndi kompyuta. Kompyutayo ndi imene imayang'anira batire, liwiro la kutchaja ndi zonse zooneka pa sikirini. Monga zimakhalira ndi foni, kampani imatumiza update yokonza zolakwika kapena yowonjezera zina. Kampani ya Tesla ya ku America idayamba kutumiza ma update kudzera pa intaneti mu 2012, mwini galimoto osapita n'komwe kugalaja.

Chisokonezo chimayambira pa manambala. Tesla imalemba motere: 2021.44.25. Nambala yoyamba ndi chaka, yachiwiri ndi sabata ya chakacho, yachitatu ikusonyeza zokonzakonza za pambuyo pake. Sabata ya 44 imagwera kuchiyambi kwa November, koma update imeneyi idafika m'galimoto za anthu chakumapeto kwa December. Choncho nambalayo si tsiku limene galimoto idalandira update.

Timadontho timeneti si ta masamu a kusukulu. Munthu akaona 2024.8 ndi 2024.14 akhoza kuganiza kuti yoyambayo ndi yaikulu, pomwe sabata ya 14 imabwera pambuyo pa sabata ya 8. Werengani gawo lililonse palokha, kuyambira kumanzere.

Vuto lina n'loti galimoto imodzi imakhala ndi manambala angapo. Update ya 2021.44.25 ija kampani idailengeza ndi dzina loti Version 11, chifukwa idasintha maonekedwe a sikirini. Palinso pulogalamu yothandiza dalaivala kuwongolera, yotchedwa FSD, imene imagulidwa payokha ndipo ili ndi manambala akeake monga v12 ndi v13. Wogulitsa akangoti "ili pa 12", mufunseni kuti 12 ya chiyani. Dziwaninso kuti v13 idapita ku galimoto zokhala ndi kompyuta yatsopano ya HW4, pomwe za HW3 zidalandira v12.6. Galimoto ziwiri zofanana kunja zikhoza kusiyana mkati. Ndipo poti Tesla ilibe shopu kapena galaja kuno kwathu, musawonjezere ndalama pa FSD poganiza kuti kasitomala wanu adzaigwiritsa ntchito pamsewu wa M1.

Update ina imakhudza moyo wa anthu. Mu December 2023, Tesla idalengeza kuti ikonza galimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America chifukwa cha vuto la Autopilot, ndipo idakonza potumiza pulogalamu pa intaneti. Galimoto imene yakhala miyezi yambiri osalumikizidwa pa Wi-Fi ikhoza kuphonya zokonza zoterezi.

Si galimoto zonse zimalandira update pa intaneti. Volkswagen ID.3 idayamba kufika kwa ogula mu September 2020, koma update yoyamba ya pa intaneti idabwera mu 2021, ndipo galimoto zoyambazo zidayenera kudzera kaye kugalaja ya kampaniyo. Ngati galimoto ikufuna makina a galaja imene ili ku Ulaya, update imeneyo ipangidwe isanakwere sitima.

Nkhani imene ingakhudze thumba lanu kwambiri ndi ya Nissan Leaf, imene idatuluka mu December 2010 ndipo imapezeka kwambiri pamisika ya galimoto zakale ku Japan. Pa dashibodi yake pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire. Ma Leaf a batire ya 30 kWh, a 2016 ndi 2017, ankaonetsa ngati batire yatha msanga chifukwa kompyuta inkawerengera molakwika, ndipo mu 2018 Nissan idatulutsa update yokonza zimenezi. Apa update idathandiza kuti kompyuta inene zoona. Koma ogulitsa ena achinyengo amafufuta zimene kompyutayo idasunga, timizere tonse 12 n'kubwerera. Wogula amasangalala, koma pakapita nthawi timizere timayamba kugwa kamodzikamodzi. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Palibe update imene imasandutsa batire yokalamba kukhala yatsopano, ndipo batire ndiye chipangizo chodula kwambiri pagalimoto yamagetsi.

Amene mumagulitsa mafoni ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe mukuzidziwa kale izi. Foni ikhoza kukhala ndi Android yatsopano koma batire yake osatha tsiku, ndipo kasitomala amabwerera mawa lake atakwiya.

Tsono musanalipire, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha sikirini chosonyeza nambala yonse ya pulogalamu pamodzi ndi nambala ya chassis, kuti mutsimikize kuti n'galimoto yomweyo. Mufunseni ngati update imabwera pa Wi-Fi kapena mpaka kugalaja. Pa Leaf, pemphani lipoti la LeafSpy, pulogalamu ya pafoni imene imawerenga batire kudzera pa kachipangizo ka OBD2, ndipo muyang'ane pamene palembedwa SOH. Ngati galimoto yayenda mtunda wautali ndipo ili ndi zaka zambiri koma SOH ikuoneka ngati ya yatsopano, kayikirani. Onaninso pulagi: Leaf yakale imatchaja mwachangu ndi CHAdeMO, pomwe galimoto zambiri za ku Ulaya zimagwiritsa ntchito CCS.

Pogulitsa, muuzeni kasitomala zoona zake za batire, mtunda umene galimoto imayenda ikadzaza, ndi update imene ili nayo. Ponenerera mtengo, yambirani pa thanzi la batire, nkhani ya nambala ya pulogalamu ibwere pambuyo.