Wosambira Mwaphuma Safika Kutsidya

Munthu woyenda pa msewu wa M1 m'mawa wa tsiku la msika, kuchokera pa boma la Ntcheu kulowera kwa Lizulu, amadzionera yekha zimene miyendo ya anthu a kuderali imatha kuchita. Anyamata amakwera zitunda akupalasa njinga zosenza matumba a kachewere ndi kabichi, ena atanyamula anthu pa kabaza, ndipo ana a sukulu amathamanga mtunda wautali poopa kukapeza belu litalira kale. M'maiko ena mphamvu zotere anthu amapita nazo ku mpikisano wotchedwa triathlon, momwe munthu mmodzi amayamba wasambira, kenaka n'kupalasa njinga, n'kumalizira kuthamanga, zonsezo motsatizana popanda kupumula. Mwa zitatuzi, ziwiri mwana wa ku Ntcheu amakula nazo. Chachitatucho, chomwe ndi kusambira, ndicho chimamuperewera, chonsecho ndicho chimene tsiku lina chingaombole moyo wake.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mbali yaikulu ya bomali ndi ya mapiri, ndipo mitsinje yake monga Rivirivi, Livulezi ndi Bwanje m'chilimwe imaphwa mpaka kutsala timadzi ta m'maondo ndi maiwe apo ndi apo. Mwana wa ku Salima kapena ku Mangochi amadziwa nyanja asanadziwe sukulu, pamene wa ku Tsangano amaphunzira kuphiriphitha m'kadziwe kamene akhoza kukaoloka ndi mpweya umodzi. Atatero amadziyesa katswiri. Koma mvula ya Januwale ikagwa kumapiri, mtsinje womwe uja umasanduka wina, ndipo luso la m'kadziwe lija limathera pakati pa madzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa chifukwa chomira, ndipo ambiri mwa iwo adali ana ndi achinyamata. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidapatula tsiku la 25 Julaye kuti maiko azikumbutsana za kupewa imfa zotere.

Zimene ampikisano adaphunzira

Mpikisano wa triathlon monga ukudziwikira lero udayambira mu mzinda wa San Diego ku America m'chaka cha 1974, ndipo udalowa m'masewera a Olimpiki ku Sydney m'chaka cha 2000. Pa Olimpiki munthu amasambira mamita 1,500, kupalasa njinga makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Ongoyamba kumene amachita theka la zimenezi: mamita 750 m'madzi, makilomita 20 pa njinga ndi makilomita 5 pansi. Ambiri amene amalowa masewerawa amakhala anthu olimba kale, odziwa kuthamanga ndi kupalasa, ndipo aphunzitsi awo amaona chinthu chimodzimodzi chaka ndi chaka. Mwamuna amene amathamanga makilomita 10 osadandaula amati akalowa m'madzi, asanathe mamita 100, ali kale wefuwefu, manja atalemera ngati wagwira khasu tsiku lonse.

Vuto lake si kuchepa mphamvu ayi. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndipo munthu akamawakankha mwaukali nawonso amamukaniza mwaukali. Pamtunda wofuna kufulumira amangoonjeza mphamvu, koma m'madzi woonjeza mphamvu thupi lisanagone bwino amangothovutsa madzi ali pamodzimodzi. Kuonjezera apo, pamtunda munthu amapuma pamene wafunira, pomwe m'madzi mpweya uli ndi nthawi yake. Wamantha amasunga mpweya m'chifuwa nkhope ili m'madzi, ndipo akatukula mutu amafuna kutulutsa wakale ndi kukoka watsopano nthawi imodzi. Nthawiyo simukwanira, chifuwa chimathina, mantha amakula, manja amayamba kumenya madzi mothamanga, ndipo phuma lija limabala phuma linzake.

N'chifukwa chake phunziro loyamba la kusambira ndi kutulutsa mpweya. Wophunzira aime m'madzi ofika m'chiuno, aweramitse nkhope m'madzimo ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono m'mphuno ndi m'kamwa mpaka thovu lizimveka, kenaka atembenuzire mutu kumbali ndi kukoka mpweya kamodzi. Achite zimenezi kakhumi, kamakumi awiri, kufikira zitasiya kumuopsa. Anyamata ambiri amaona ngati awa ndi masewera a ana, ndipo amawadumpha. Amenewo ndiwo amatopa msanga.

Phunziro lachiwiri ndi kagonedwe ka thupi. Thupi la munthu m'madzi lili ngati mtengo wopingasa pa mwala: mbali ina ikakwera, inzake imatsika. Wotukula mutu kuti aziona kutsogolo miyendo yake imamira, ndipo amakhala akudzikoka m'madzi ngati ngolo yopanda mateyala. Nkhope ikayang'ana pansi, chiuno ndi miyendo zimakwera zokha, thupi n'kuwongoka ngati bwato. Dzanja lilowe m'madzi patsogolo pa phewa, litambasuke, kenaka likoke madzi kuwapititsa kumbuyo mpaka pa ntchafu. Miyendo isamenye madzi ngati ng'oma. Ingogwedezeka pang'ono kuchokera m'chiuno, maondo osapinda kwambiri. Ampikisano amaisunga dala miyendoyo podziwa kuti njinga ikuidikira, ndipo akatero amapeza kuti mpweya nawo ukuwakwanira, pakuti minofu ya m'ntchafu ndi ikuluikulu ndipo imadya mpweya wambiri.

Kuyeza liwiro

Osambira amayeza liwiro lawo poona nthawi imene imawatengera kutha mamita 100. Kwa wongoyamba, mphindi ziwiri ndi theka kapena zitatu sizochititsa manyazi. Pa liwiro la mphindi ziwiri ndi theka, mamita 1,500 amatha m'mphindi 37 ndi theka, pamene akatswiri a pa Olimpiki amawatha m'mphindi 20 kapena kucheperapo. Kusiyanaku kusakhumudwitse munthu, chifukwa chofunika kwa wophunzira n'chakuti mamita 100 omaliza afanane ndi oyamba. Amene wayamba ndi mphindi ziwiri n'kumaliza ndi zinayi wathamanga mopitirira msinkhu wake. Amene wayamba ndi zitatu n'kumalizanso ndi zitatu wapeza liwiro lake lenileni, ndipo kukula kwake kudzayambira pamenepo.

Kumudzi kulibe dziwe lomangidwa ndi simenti, koma kuyeza n'kotheka. Munthu ayende mapazi aakulu 25 m'mbali mwa madzi, azike ndodo poyambira ndi pothera, ndipo mnzake wokhala pamtunda awerenge masekondi pa wotchi kapena pa foni. Asambire kuchoka pa ndodo ina kufika pa inzake, apumule theka la mphindi, abwerezenso, mpaka kanayi pa sabata yoyamba, kasanu ndi kamodzi pa yachiwiri, kuonjeza motero. Nthawi yopumula ndiyo izichepa poyamba. Liwiro lidzabwera pambuyo. Pali muyeso winanso wosafuna wotchi, womwe ndi kuwerenga kuti manja apalasa kangati pakati pa ndodo ziwirizo. Amene mwezi watha amapalasa ka 30 ndipo lero wapalasa ka 24 wapita patsogolo, ngakhale wotchi isanavomereze. Kusambira katatu pa sabata kwa theka la ola kumaphunzitsa thupi kuposa kudzizunza tsiku lonse Loweruka lokha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Malawi ena adafikapo pa Olimpiki ndi kusambira: Charlton Nyirenda ku Beijing mu 2008 ndi ku London mu 2012, Joyce Tafatatha ku London komweko, ndi Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Onsewa adapikisana pa mamita 50, mpikisano umene umatha m'theka la mphindi kapena kuyandikira apo, momwe munthu amakhuthula mphamvu zake zonse podziwa kuti khoma lili pafupi. Umenewo ndi ukatswiri wa mtundu wake, koma mnyamata wouonera pa kanema asautengere kumtsinje, kumene kulibe khoma lomudikira. Chitsanzo choyenera mtunda wautali ndi cha Martin Hobbs wa ku South Africa, yemwe adayamba kusambira ali wamkulu kale atavulala msana. M'chaka cha 2019 iyeyu adasambira nyanja ya Malawi m'litali mwake, makilomita pafupifupi 580, m'masiku 54. Kugawa bwino, ndi makilomita 10 kapena 11 pa tsiku, lero, mawa ndi mkuja, liwiro lake lomwelo.

Madzi ophunziriramo

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta, ndipo achipatala saibisa. Madzi odikha, osaya, a udzu m'mbali, amene amaoneka abwino kwa wophunzira, ndiwonso amakonda nkhono zofalitsa likodzo. Wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa, timalowa mu nkhono, n'kutulukamo tili tambirimbiri, ndipo timaboola khungu la aliyense wolowa m'madzimo popanda iye kumva. Pakapita masabata mwana amayamba kukodza magazi. Kale ena ankayesa kuti chimenechi n'chizindikiro chakuti mnyamata wakula, koma ndi matenda, ndipo akalekereredwa amawononga chikhodzodzo, impso ndi njira ya chiberekero. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka kuchipatala ndipo amagawidwanso m'sukulu. Mwana aliyense wosewera m'madzi asawaphonye, ndipo amwe atadya.

Kuletseratu ana kumadzi kumamveka kwanzeru pakamwa, koma kholo lililonse likudziwa kuti dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, abusa a mbuzi adzapezeka kudziwe, alolezedwe kapena ayi. N'kwabwino kuti apite podziwika, pali wamkulu, kusiyana n'kupita mozemba. Makolo afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo za malo amene likodzo lafala, asankhe pa mchenga popanda udzu, posapitirira chifuwa cha mwana, ndipo pakhale lamulo lakuti m'madzi sakodzamo. Damu la Mpira, lomwe madzi ake amamwedwa ndi anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka, si malo osambirako; ndi lakuya, ndiponso ndi chitsime cha anthu ambiri. Kumunsi kwa mitsinje yolowera ku Shire ndi kunyanja, afunse kaye eni dera za ng'ona.

Dziko la Bangladesh, komwe ana ambiri amafa ndi madzi, lidasonyeza kuti dziwe la simenti silofunikira. Kumeneko amamanga mpanda ndi nsanja ya nsungwi m'dziwe la pamudzi, ndipo achinyamata ophunzitsidwa bwino amaphunzitsa ana mpaka aliyense atatha kusambira mamita 25, kuyandama masekondi 30, ndi kupulumutsa mnzake ali pamtunda. Nsungwi ku Ntcheu sizisowa.

Pa zitatuzo, kuyandama ndiko kusanyozedwe. Wotopa pakati pa madzi agone chagada, makutu ali m'madzi, chibwano chitaloza kumwamba, manja atatambasula, apume mpaka mtima utakhazikika, kenaka apitirize. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi a kumapiri amazizira kwambiri, ndipo wolumphiramo mwadzidzidzi amabanika ndi kukoka mpweya mosafuna. Alowe pang'onopang'ono, ndipo asakhalitsemo. Wodwala khunyu asalowe m'madzi, ngakhale osaya, popanda womuyang'anira pafupi. Woledzera asayandikeko n'komwe.

Mtsinje wosefukira ndi nkhani ina. Palibe liwiro la munthu limene lingapose madzi a mvula otsika m'phiri atanyamula zitsa ndi miyala, ndipo madzi othamanga ofika m'maondo okha amagwetsa munthu wamkulu. Mitsinje ya kumapiri imadzaza msanga koma imaphweranso msanga, choncho wanzeru amakhala pansi n'kudikira, ngakhale msika umuthere. Amene wakokoledwa mwangozi asalimbane ndi madzi pofuna kubwerera pamene wagwera. Agone chagada, miyendo italoza kumene madzi akupita kuti mutu usawombe miyala, ndipo azipalasa chopingasa, kulola kuti mtsinje ukamutule kumunsi.

Woona mnzake akumira asalumphire m'madzi, pakuti womira amakakamira aliyense amene wamuyandikira, ndipo maliro amakhala awiri. Aitane anthu, agone chafufumimba pagombe ndi kumupatsira nsungwi, chingwe kapena chitenje, kapenanso amuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Akavuulidwa, asamuzondotse kapena kumupsinja pamimba pofuna kuchotsa madzi, chifukwa kutero kumangotaya nthawi ndi kumusanzitsa. Ngati akupuma, amugoneke chammbali ndi kumufunditsa. Ngati sakupuma, amugoneke chagada, amupendeketse mutu chakumbuyo, amutsine mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, kenaka azisindikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, mpaka ayambe kupuma kapena achipatala amulandire. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite naye tsiku lomwelo ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Ntcheu, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa chifuwa ndi kubanika patapita maola angapo.