Luso la M'manja Silitsala pa Chipata: Amisiri a Matabwa a ku Soshanguve

Munthu akachoka pakati pa mzinda wa Pretoria n'kulowera kumpoto mtunda wa makilomita pafupifupi 30, atapitirira mafakitale a ku Rosslyn kumene kampani ya BMW yakhala ikupanga magalimoto kuyambira mu 1973, amafika ku Soshanguve, lokeshoni yaikulu imene boma la tsankho linakhazikitsa mu 1974, ndipo imene pa kalembera wa mu 2011 inapezeka ndi anthu oposa 400,000. Nyumba za kumeneko zinandandalikidwa m'mabuloko otchedwa ndi zilembo, monga Block F, Block H ndi Block L, ndipo kuseri kwa zambiri mwa izo kuli tizipinda ta malata kapena ta matabwa timene eni malo amachititsa lendi. Mwa alendo okhala m'tizipinda timeneti muli ana a ku Malawi, amene anatsata njira ya ku Joni imene makolo awo anaiponda kalekale. Ndipo Loweruka masana, pamene ena ali pa mpumulo, kuseri kwa mipanda ina kumamveka kulira kwa sowo ndi kugogoda kwa hamala.

Chipinda cha lendi chimalandira mlendo chili chopanda kanthu, makoma anayi ndi chitseko basi. Tsono munthu amene wangofika kumene, amene malipiro ake oyamba agawika kale pakati pa lendi, chakudya ndi banja limene analisiya kumudzi, sangalowe m'sitolo ya mipando kukatenga bedi pa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi, pakuti ngongole yotere imafuna ziphaso ndi umboni wa malipiro, zimene ambiri alibe. Chotero iye amene anagwirako sowo ali mnyamata amayamba ndi chimene thupi lake lichifuna usiku womwewo, ndicho bedi lomuchotsa pa simenti yozizira. Pambuyo pake kashelefu koikapo mapoto, kenaka benchi ya pakhomo. Ndipo mnansi akaiona benchiyo nafunsa mtengo wake, ntchito imene inabadwa m'kusowa imasanduka ganyu, ganyuyo n'kusanduka dzina lodziwika m'buloko monse.

Thabwa limene ena analitaya

Matabwa ambiri a amisiri a pakhomowa amachokera ku mapaleti, timasanja tija timene amasanjikapo katundu m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo malonda. Paleti yofala m'dzikomo ndi ya mamilimita 1200 m'litali ndi 1000 m'lifupi, yokhomedwa ndi paini kapena bulugama, ndipo ikakalamba kapena kuthyoka thabwa limodzi imagulitsidwa motsika mtengo, kufikira itatera m'manja mwa amalonda a m'mbali mwa msewu.

Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mmisiri wochenjera sanyamula paleti asanaitembenuze kuti aone chidindo chimene chili pambali pake. Imene yalembedwa HT inaphikidwa ndi kutentha kokha, pakatikati pa thabwa pakufika madigiri 56 kwa mphindi 30, kuti tizilombo ta m'mtengo tife, ndipo imeneyi ndiyo yoyenera kulowa m'nyumba. Imene yalembedwa MB inafukizidwa ndi mankhwala aululu otchedwa methyl bromide, ndipo siyenera kusanduka tebulo lodyerapo kapena bedi la mwana. Yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, yokhala ndi dzina la CHEP, ili ndi mwini wake, pakuti kampaniyo imabwereketsa mapaleti ake osawagulitsa. Kuicheka ndiko kudziitanira mlandu, ndipo mlendo m'dziko la eni safuna mlandu woonjezera pa imene imampeza osaiputa. Palinso matabwa ooneka obiriwirako ngati msipu, amene anamwetsedwa mankhwala a CCA oteteza ku chiswe ndi kuola. Amenewa ndi abwino pa mpanda ndi pa denga, koma muli poizoni wa arsenic. Ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Gauteng chimakakamiza anthu kusonkha chilichonse m'mbaula, zidutswa zake siziyenera kuyandikira moto, pakuti utsi wake ndi phulusa lake zimadwalitsa.

Kuphwasula paleti ndiyo ntchito imene imaonetsa mtima wa munthu. Misomali yake ndi yamizeremizere kapena yopotana, yopangidwa dala kuti isazuke, kotero kuti wopupuluma amene alowetsa chitsulo kunsonga kwa thabwa nakankha ndi mphamvu amamva thabwalo likung'ambika, natsala ndi nkhuni m'malo mwa tebulo. Wodekha amakhazika paletiyo chammbali, nalowetsa sowo yodulira zitsulo pampata wa pakati pa thabwa ndi chipika, nadula misomali umodzi umodzi. Akatero amatembenuza thabwalo, natulutsa mitu yotsalira pogogoda ndi msomali wobuntha, naiponya m'chitini kuti ana oyenda opanda nsapato asaiponde. Asanaikepo pulena amayendetsa chala pathabwa ponse, pakuti kachidutswa kamodzi ka msomali kobisala m'mtengo kamabenthula mpeni wa pulena umene anaunola m'mawa wonse. Ndipo pulena ikayamba kuyenda, khungu lakuda la fumbi ndi mafuta likuchoka, zipalo zikugwa zopotanapotana pamapazi, pamaonekera paini woyera wonunkhira utomoni, wokhala ngati wachekedwa dzulo.

Thabwa lopalidwa silithamangitsidwa kukhoma. Mtengo umamwa chinyezi m'dzinja la mvula nufufuma, ndipo m'chilimwe chouma cha kumapiri a Gauteng umafota m'lifupi mwake; chifukwa chake matabwa amasanjikidwa pamthunzi, timitengo tili pakati pawo kuti mphepo idutse, kuopa kuti tebulo lokhomedwa ndi matabwa aawisi lingatsegule mipata pakapita miyezi iwiri. Pokhoma kufupi ndi nsonga mmisiri amayamba waboola kabowo, kuti msomali usang'ambe thabwa. Pofuna kudziwa ngati kabati yaima moongoka amayesa ndi tepi kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasa nayo, nayesanso mbali inayo, ndipo miyeso iwiriyo ikafanana amadziwa kuti chitseko chidzatsekeka bwino. Miyendo ya mpando imene aifuna kuti ikhalitse amailumikiza posema bowo m'thabwa lina ndi lilime m'thabwa linzake, napakapo guluu, pakuti misomali yokha imagwedera mpando ukakhalidwa chaka chimodzi. Ndipo pamene magetsi azima, iye amene adziwa sowo yamanja, sikweya ndi pulena amapitiriza ntchito, pamene wodalira makina okha amakhala pansi kudikira.

Chenjezo limodzi liyenera kunenedwa mosabisa, pakuti likhudza moyo: ena, posowa ndalama zogulira sowo yamagetsi, amamangirira mpeni wa mano wochekera matabwa pa gulayinda yodulira zitsulo. Chida chimenechi chimazungulira mofulumira kopambana, ndipo mano ake akakodwa m'thabwa chimadumpha kubwerera kwa wochigwira. Zala ndi nkhope zambiri zavulala motero, ndipo mmisiri wotaya zala wataya munda wake wonse.

Kumene lusoli linachokera

Mmalawi sanaphunzirire ku Joni kugwira mtengo. Azungu asanafike, m'mudzi uliwonse munali mmisiri wosema mtondo ndi munsi, mthiko ndi chipande, mpini wa khasu, ng'oma ndi bawo, ndipo kunyanja kunali osema mabwato ndi sompho kuchokera ku tsinde limodzi. Amishoni anadza ndi sowo, pulena ndi muyeso, naziika pamodzi ndi buku, pokumbukira kuti Ambuye mwini anadziwika ku Nazarete ngati mmisiri wa matabwa. Ku Blantyre, pakati pa 1888 ndi 1891, amisiri a m'dziko momwemo, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzirepo za kamangidwe, anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chiimirirebe kufikira lero lino. Ku Khondowe, Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, kumene anyamata anaphunzira ukalipentala pamodzi ndi ntchito zina zamanja, ndipo ambiri a iwo anakagwira ntchito m'maiko a kummwera, natchukitsa dzina la Nyasaland. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene osemasema anakweza luso la makolo kufikira ntchito zawo zitalowa m'matchalitchi ndi m'nyumba za kutali.

Njira ya ku Joni nayo ndi yakale. Kampani yolemba anthu ntchito ya Wenela inanyamula amuna zikwizikwi kunka nawo ku migodi, kufikira ndege yake itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kampani ya Theba inadzapitiriza kulemba anthu pambuyo pake kufikira mu 1988. Amuna a masiku amenewo anagulitsa mphamvu zawo pansi pa nthaka, nabwerera ndi bokosi la zovala, njinga, ndipo ena ndi chifuwa chosachira. Adzukulu awo, amene amapita okha pa basi kudzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge popanda pangano la ntchito, amapeza kuti chimene chimawasiyanitsa ndi khamu la ofuna ganyu ndicho chimene manja awo adziwa kuchita. Umboni wake uli poyera m'masitolo a mipando a ku Pretoria ndi ku Johannesburg, mmene mpando woluka ndi nsungwi ndi zomera za m'madambo umagulitsidwa ndi dzina la dziko lathu, Malawi chair, ndipo ogula amaufunafuna. Osemasema nawo, posowa mphingo ndi mlombwa, amagwiritsa ntchito nthambi za jakaranda, mtengo wa ku South America umene unayamba kubzalidwa ku Pretoria mu 1888, wofewa ndi womvera mpeni, nasemamo mbale, zipande ndi zinyama.

Phunziro loyenera kupita kumudzi

Pali chinthu chimene mmisiri wa mapaleti amaphunzira chimene ife kwathu tinachedwa kuchizindikira, ndicho kulemekeza thabwa. Mlombwa, umene ku South Africa amautcha kiaat, uli m'gulu la mitengo yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la mu 1998, ndipo kuudula popanda chilolezo ndi mlandu. Kwathu tinadula mlombwa ndi mbawa ngati kuti sizidzatha; mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unathera m'masowo kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha; ndipo nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, imene inabzalidwa kuti idyetse mibadwo, yaphwasuka ndi moto ndi kudula kosabwezera. Munthu amene watha Loweruka lonse akuzula misomali kuti apulumutse matabwa khumi sangabwerere kwawo n'kukaonerera tsinde la zaka makumi asanu likugwetsedwa chifukwa cha thumba la makala, pakuti waphunzira ndi thukuta lake kuti kachidutswa kotsala pa tebulo kamakwana mpando wa mwana, ndi kuti chotsala pa mpandowo chimakwana chopachikapo makapu.

Ntchitoyi siikhala ya bambo yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mayi amasoka makushoni a pabenchi ndi zidutswa za chitenje, napaka vanishi, nawerengera ndalama. Mwana amagwira nsonga ya tepi, nasalalitsa thabwa ndi sandipepa motsata mitsempha ya mtengo monga auzidwa, ndipo pa mawaya otsala amapinda galimoto lake monga anachitira atate ake ku Ndirande kapena ku Chibavi. Apa mpamene pali nkhawa yanga yaikulu, kuti makolo ena, pofuna kuti ana awo adzakhale a muofesi, amawathamangitsa pa benchi ya ntchito ngati kuti pulena ndi chizindikiro cha kulephera. Sukulu ndi yofunika, ndipo mu Soshanguve momwemo muli Tshwane University of Technology ndi Tshwane North TVET College, monganso kwathu kuli masukulu a ntchito zamanja a Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe. Koma kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana amene sanagwirepo hamala kufikira atamera ndevu amakula akuyesa kuti chinthu chilichonse chimachokera m'sitolo.

Amene anaona zipolowe zolimbana ndi alendo mu 2008 ndi mu 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake, akumbukira kuti anthu ambiri anafika ku Blantyre ndi kachikwama kamodzi, katundu wa zaka zambiri atatsala m'mbuyo kapena atafunkhidwa. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Wailesi, firiji ndi njinga zimalandidwa, chiphaso chimatha masiku, bwana amatseka fakitale. Koma munthu wodziwa kuyesa, kucheka ndi kulumikiza thabwa amadutsa pa chipata chilichonse osalipira msonkho pa luso lake, ndipo akafika ku Mangochi kapena ku Mzimba amapeza kuti kumeneko nakonso ana a sukulu akufuna madesiki, akwati akufuna bedi, ndi nyumba zatsopano zikufuna zitseko. Chifukwa chake iye amene ali nalo lusoli asalibise, koma aitane mnyamata wongofika kumene amene akhala pakhomo osowa chochita, amgwiritse sowo, amphunzitse kuwerenga chidindo cha pa paleti ndi kunola pulena. Ndipo pa ndalama zimene atumiza kumudzi apatulepo zochepa zogulira mbande za mbawa ndi mlombwa, kuti adzukulu ake, akadzafuna kupala matabwa, asadzadalire zotaya za mafakitale a eni.