Wa geni wopanda chikole amakakongola kuti?

Msika wa Mbayani mu Blantyre umadzuka kusanache. Pofika 5 koloko amayi amakhala atatsetsereka kale ndi mabeseni kukapikula tomato, anyezi ndi kabichi kumsika waukulu wa m'tauni. Anyamata a chiwaya amakhala akusenda mbatata, ndipo mumsewu wochokera ku Chirimba mumadutsa njinga zolemedwa ndi matumba a makala ochokera cha ku Neno ndi Mwanza. Telala amatulutsa makina pakhonde, wokhoma mbaula amayamba phokoso lake. Onsewa ali ndi chinthu chimodzi chimene amachiteteza koposa: mpamba. Mwana akadwala, kumudzi kukagwa maliro, kapena landilodi akafika pakhomo lendi isanapezeke, ndalama yoyamba kukhudzidwa ndi yomweyo. Mawa lake benchi imakhala yopanda kanthu, anzake n'kumanong'onezana kuti uje wadya mpamba.

Munthu wotereyu sangalowe m'banki ya mu Victoria Avenue kukapempha ngongole, ngakhale kuti kuchokera ku Mbayani angathe kukafikako wapansi. Banki imafuna chikole, chikalata cha malipiro a pamwezi, kapena pepala la umwini wa malo. Nyumba zambiri za ku Mbayani, monganso za ku Ndirande ndi Bangwe, zinamangidwa pamalo opanda mapepala otere, ndipo ochuluka okhalamo ndi alendi. Komanso banki siipindula kulembetsa mafomu chifukwa cha ngongole ya belo limodzi la kaunjika.

Kuyambira kale, amene ankadzaza mpata umenewu ndi wakatapila. Safunsa zambiri, ndalama amapereka tsiku lomwelo. Koma wotenga K10,000 amabweza K15,000 pakutha pamwezi, mwinanso K20,000, ndipo akachedwa chiwongoladzanja nacho chimayamba kubereka chinzake. Foni, wailesi, ngakhale makina osokera omwewo amatha kugwidwa.

Maganizo oti wosauka akhoza kukongozedwa popanda chikole, n'kubweza ndithu, anatchuka kuchokera ku Bangladesh. Mu 1976 mphunzitsi wa zachuma Muhammad Yunus anakongoza anthu 42 a m'mudzi wa Jobra ndalama zokwana madola 27 onse pamodzi. Ena mwa iwo anali amayi opanga timipando tansungwi, amene phindu lawo lonse linkathera kwa owakongoza. Mu 1983 ntchitoyi inasanduka Grameen Bank, ndipo mu 2006 Yunus ndi bankiyo analandira mphoto ya Nobel. Nzeru yake inali yakuti gulu lilowe m'malo mwa chikole: anthu odziwana akongole limodzi, azikumana sabata iliyonse, aziyang'anirana.

Kuno kwathu nzeruyi inayesedwa mu 1990 ndi Malawi Mudzi Fund, yomwe inayambira m'maboma a Chiradzulu ndi Mangochi. Patapita zaka zochepa inalowetsedwa mu Malawi Rural Finance Company, kampani yomwe inabadwa ngongole za alimi za SACA zitagwa. Kugwa kwa SACA kuli ndi phunziro lake. Kwa zaka zambiri makalabu a alimi ankabweza pafupifupi ngongole yonse, mwa zina chifukwa choopa kulandidwa katundu. Chilala cha 1992 chitakumana ndi mphepo ya ndale za matipate, alimi ambiri analeka kubweza, thumba n'kuuma. Nthenda yomweyo yakhala ikutsata matumba a boma amene anabwera pambuyo pake: MARDEF ya mu 2005, YEDEF ya achinyamata, MEDF ya mu 2014, mpaka NEEF ya mu 2020. Dzina limasintha, madandaulo sasintha. Ngongole ikaperekedwa pamsonkhano wa ndale, makamaka chisankho chikayandikira, wolandirayo amaiona ngati zikomo wa voti.

Mabungwe omwe si aboma anayenda njira ina. FINCA inayamba ntchito m'Malawi mu 1994 ndi magulu a amayi a geni, ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwemuno. MicroLoan Foundation inayambira ku Nkhotakota mu 2002, kukongoza amayi a kumidzi m'magulu. CUMO inamera ku Dedza. Opportunity International Bank of Malawi inatsegula zitseko mu 2003 n'cholinga chofikira osauka, ndipo mu 2017 inagulidwa ndi First Merchant Bank. Kuyambira mu 2010 pali lamulo loyendetsera mabungwe a ngongole zing'onozing'ono, lomwe limafuna kuti bungwe lililonse lotere likhale ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Wokongola ali ndi ufulu wofunsa chiphasocho asanasaine kalikonse, ngakhale kuti pa tsiku la njala ndi ochepa amene amafunsa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa masamu. Tiyerekeze mayi wa mandasi wapatsidwa ngongole ya K100,000 yobweza m'miyezi inayi, chiwongoladzanja K5 pa K100 iliyonse pamwezi. Kumva kwake n'kotsika. Adzabweza K120,000 yonse, K7,500 sabata iliyonse kwa masabata 16. Koma akafika sabata yachisanu ndi chitatu, theka la ngongole amakhala atabweza kale, pomwe chiwongoladzanja chikuwerengedwabe pa K100,000 yonse ngati kuti ikadali m'manja mwake. Mabungwe ena amadulanso ndalama ya mafomu ndi ya inshulansi asanapereke, ena amafuna kuti gawo lina likhale kaye mu akaunti ngati chikole. Ndalama imene mayiyu amapita nayo kukaoda ufa, shuga ndi mafuta imachepera K100,000, koma yobweza siichepa. Ukaphatikiza zonsezi, mtengo weniweni wa ngongoleyo umayandikira kuwirikiza kawiri umene unatchulidwa pamsonkhano.

Si kuti ngongole yotere ndi yoipa kwa aliyense. Wa mandasi amakazinga m'mawa, pofika madzulo ndalama yabwerera ndi kaphindu pamwamba, mawa n'kuitembenuzanso. Mpamba umene ukuzungulira tsiku ndi tsiku umakwanitsa K7,500 ya pa sabata. Wa usipa ndi wa tomato nawonso amatha, bola katundu asawole. Vuto limabwera ngongole ikalowa kumene siibereka: fizi, lendi, mankhwala. Tsiku lobweza silisuntha, ndipo mmodzi akalephera, gulu lonse limasonkha kuti limukwirire. Apa m'pamene ubwenzi umatha. Si zachilendo kuona amayi atazinga khomo la mnzawo, akutulutsa mapoto, ndowa ndi matiresi. Ena amasamuka usiku kupita ku Machinjiri kapena kumudzi, ena amatenga katapila kuti atseke ngongole ya gulu, n'kukongolanso ku gulu lina kuti atseke katapilayo. Apolisi akhala akutchula ngongole pakati pa zifukwa zimene anthu ena amadzichotsera moyo.

Chimene chazika mizu kwambiri m'makwalala a Mbayani si bungwe la likulu ndi galimoto zolembedwa dzina. Ndi banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo itafika kuno inapeza anthu akudziwa kale chipereganyu, choncho sinavute kuimva. Anthu 15 mpaka 25, ambiri amayi, amakumana pakhonde la mmodzi wa iwo tsiku lokhazikika. Aliyense amagula masheya malinga ndi thumba lake, mlembi n'kulemba m'kabuku. Mwa dongosolo lake lenileni, ndalama imasungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo lili ndi wachinayi, ngakhale kuti masiku ano magulu ena amasunga pa Airtel Money kapena Mpamba. Wofuna ngongole amapempha pamaso pa onse, ndipo kawirikawiri saloledwa kupitirira katatu pa zimene wasunga. Wochedwa pamsonkhano amalipira chindapusa. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, kothandiza pa maliro ndi matenda.

Chiwongoladzanja cha banki m'khonde si chochepa ayi. Magulu ambiri amaika K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kuposa mabungwe ambiri achiphaso. Nanga anthu amachikonderanji? Chifukwa sichipita kwa mlendo. Chaka chikamatha, makamaka mu Disembala, gulu limagawana zonse: masheya, chiwongoladzanja ndi zindapusa, aliyense malinga ndi zimene anaponya. Nyengoyo inasankhidwa mwanzeru, pakuti ndiyo ya feteleza wa kumunda kumudzi, Khirisimasi, ndi fizi ya Januwale. Munthu wa ku Mbayani ali ndi phazi limodzi m'tauni, lina ku Chiradzulu, Thyolo kapena Mulanje, ndipo ndalama yogawana pakhonde la m'tauni nthawi zambiri imakathera m'mizere ya chimanga. Kubweza nakonso kumayenda chifukwa wokongolayo amadziwa mwini ndalama: ndi mayi amene amatunga naye madzi pa kiyosiki, amene amaimba naye kwaya.

Zolakwika zilipo ndithu. Asungichuma ena anathawapo ndi bokosi. Magulu ena a m'tauni amakakamiza membala aliyense kukongola, afune asafune, kuti chiwongoladzanja chichuluke, ndiye munthu amene anangobwera kudzasunga amapezeka ali ndi ngongole yopanda nayo ntchito. Ndipo popeza magulu ambiri salembetsedwa kulikonse, wobedwa amasowa kokadandaula kupatula kwa amfumu kapena kupolisi.

Akatswiri anayesapo kuyeza phindu la zonsezi. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko asanu ndi limodzi, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco. Anapeza kuti ngongole zing'onozing'ono zimathandiza ena kukuza geni ndi kukhala ndi ufulu wosankha chochita, koma sizikweza kwenikweni chuma cha banja wamba. Lonjezo loti ngongole yokha ithetsa umphawi silinaoneke. Kafukufuku wina, wa Christopher Ksoll ndi anzake, anachitikira kwathu konkuno, m'midzi 46 ya ku Karonga, ndipo anasindikizidwa mu 2016. Kumene kunali magulu osunga ndi kukongozana, mabanja ankadya kochulukirapo patsiku kuposa anzawo, ndipo ankaika ndalama zambiri mu ulimi. Zikuoneka kuti mphamvu yaikulu ili pa kusunga, ngongole n'kumabwera pambuyo.

Mdani amene palibe gulu lingamuthe ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Wa geni amakongola lero, akagulitsa n'kubwerera kukaoda amapeza katundu wakwera, ndalama yomweyo ikugula theka la beseni. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe chifukwa cha kukwera mtengo kwa mabelo. Nayo ndalama yosungidwa kuyambira Januwale imafika Disembala itawonda.

Otsalira kwambiri ndi amisiri. Kalipentala amafuna matabwa ambiri nthawi imodzi, amapala sabata ziwiri, ndipo bedi likhoza kukhala m'mbali mwa msewu mwezi wathunthu likudikira wogula. Telala wofuna makina amagetsi, kapena wowotcherera wofuna makina akeake m'malo mobwereka, amafunika ngongole ya chaka kapena ziwiri, yoyamba kubwezedwa patapita miyezi. Ngongole ya pa sabata siimuyenera, ndipo bokosi la pakhonde ndi laling'ono. Ma SACCO, amene mgwirizano wawo wa MUSCCO unakhazikitsidwa mu 1980, amapereka ngongole zotalikirapo pa chiwongoladzanja chotsikirapo, koma amafuna kuti munthu ayambe wasunga kwa kanthawi, ndipo ambiri mwa iwo anamangidwa mozungulira anthu a malipiro a pamwezi monga aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'makampani. N'chifukwa chake mmisiri wa ku Mbayani amadalirabe kasitomala kuti ndiye amukongoze. Wofuna zitseko kapena mafelemu a mawindo amauzidwa kuti aperekeko theka kaye, mmisiri akagule zipangizo, ndipo ntchito yaikulu kuposa theka limenelo amangoikana.