Nyumba zakale za ku Tete zikudikira eni ake

Munthu akatchula Moatize, ambiri amangoganiza za malasha. Akatchula Zóbuè, amaganiza za magalimoto a katundu pa chipata cholowera ku Malawi. Komatu msewu womwewu umafikitsa munthu ku malo osunga mbiri ya chigawo cha Tete.

Ku Zóbuè komweko kuli nyumba za seminale yakale imene ankayendetsa ansembe a Padres Brancos. Ansembewa anachoka m'dziko muno mu 1971 pokana kukhala chete pa nkhanza za atsamunda.

Wokwera shapa kupyola Moatize, akaoloka mlatho wa Samora Machel, amalowa mumzinda wa Tete, momwe muli linga la São Tiago Maior m'mbali mwa Zambezi. Kumtunda kwa mtsinjewo kuli Boroma, mishoni imene ansembe Achijezuiti anayambitsa mu 1885. Tchalitchi chake chili pachitunda, chimaonekera patali. Kumwera kwa mzinda kuli chipilala cha Wiriyamu, pamene asilikali a Apwitikizi anapha anthu a m'midzi pa 16 Disembala 1972. Okonda nyama zakutchire angathe kupita ku paki ya Mágoè, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013.

Nkhondo inatha mu 1992, koma mvula ndi chiswe sizinasainire nawo mtendere. Denga likayamba kudontha, khoma silichedwa kugwa, ndipo njerwa zake zimakathera m'makola a mbuzi. Makolo ndi aphunzitsi atengere ana kumalowa. Mwana amene waona linga ndi maso ake sadzalola kuti ligwe.