Anthu Wamba ndi Magetsi Ao: Phunziro la ku Schönau

Tikamakamba za magetsi, kawiri-kawiri timaganiza za mbali ziwiri zokha: Boma limene limaika malamulo, ndi kampani imene imagulitsa. Munthu wamba timamuyesa wolipira chabe. Komatu pakati pa banja ndi Boma pali malo ena, kumene anthu amasonkhana mwaufulu wao, monga mabungwe a makolo, makopaletivi ndi magulu a m'mudzi. Funso lathu nali: kodi magulu otere ali ndi gawo leni-leni pa nkhani ya magetsi, kapena ntchito yao nkudandaula basi? Tiyankha poona zimene zidachitika m'tauni ina yaing'ono ya ku Germany. Koma tiyambe tamvetsa chikhalidwe cha magetsiwo.

Chikhalidwe cha magetsi

Magetsi amasiyana ndi chimanga, chimene timatha kusunga m'nkhokwe. Mawaya sasunga kanthu, ndipo mabatire akulu-akulu ndi okwera mtengo. Motero magetsi opangidwa ayenera kulingana ndi ogwiritsidwa ntchito pa mphindi iliyonse. Madzulo, pamene mabanja onse aphika, ayatsa nyale ndi kutenthetsa madzi pa nthawi imodzi, katundu amalemera koposa, ndipo dziko limakakamizidwa kumanga makina oti azikwanira maola ochepawo. Vutoli limakula pamene tidalira mphamvu zosatha monga dzuwa ndi mphepo, pakuti dzuwa limalowa pa nthawi yomweyo imene anthu afuna magetsi ambiri.

Tsono pali njira ziwiri: kuonjezera makina, kapena kuchepetsa ndi kusuntha kagwiritsidwe ntchito. Njira yachiwiriyo ndiyo yotsika mtengo, koma ilibe mwini. Wogulitsa amapindula akagulitsa zambiri, choncho nkovuta kuti alimbikitse anthu kugula zochepa. Banja limodzi nalonso likazimitsa nyale, siliona kusintha kulikonse m'dziko. Apa mpamene gulu limafunika.

Zimene zidachitika ku Schönau

Schönau ndi tauni ya anthu pafupi-fupi 2,500 m'dera la nkhalango lotchedwa Schwarzwald, kumwera kwa Germany. Mu April 1986 makina a magetsi a nyukiliya adaphulika ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, ndipo mphepo idanyamula fumbi la poizoni mpaka kumwera kwa Germany. Makolo a ku Schönau adada nkhawa ndi mkaka ndi ndiwo zimene ana ao ankadya. Ena mwa iwo, pamodzi ndi Mai Ursula Sladek ndi amuna ao a Michael Sladek, amene adali dokotala, adayambitsa bungwe la makolo lokana magetsi a nyukiliya.

Ntchito yao yoyamba idali ya m'nyumba zao zomwe. Adaphunzitsana njira zosamalira magetsi, nayambitsa mipikisano yoona banja limene lachepetsa kwambiri kagwiritsidwe ntchito kake. Maganizo ao adali akuti munthu sangakane makina a nyukiliya uku akuononga magetsi ochokera komweko.

Kampani imene inkagawa magetsi m'tauniyo, yotchedwa KWR, sidakondwere nazo. Chilolezo chake chinkatha mu 1994, koma idapempha khonsolo kuti ichionjezere msanga ndi zaka 20, nilonjeza ndalama zapadera zokwana mamaki 100,000. Anthu aja adasonkha ndalama zofanana ndi zimenezo kuti khonsolo isafulumire. Khonsolo itavomerabe pempho la kampani, iwo adaitanitsa referendamu mu 1991, napambana. Mu 1994 adakhazikitsa kampani yaoyao, Elektrizitätswerke Schönau, mwachidule EWS. Khonsolo yatsopano itapereka chilolezo kwa EWS, otsutsa nawonso adaitanitsa referendamu yachiwiri mu March 1996, ndipo EWS idapambana ndi mavoti opitirira theka pang'ono chabe.

Padatsala kugula mawaya ndi mapolo. KWR idatchula mtengo wa mamaki 8.7 miliyoni, umene anthuwo adauona kuti ngwopyola muyeso. Adapempha thandizo m'dziko lonse la Germany, anthu ambiri nasonkha. Mtengo udatsika, ndipo pa 1 July 1997 EWS idayamba kuyendetsa magetsi a m'tauniyo. Malamulo atasintha mu 1998, EWS idapeza mwai wogulitsa magetsi ochokera ku mphamvu zosatha kwa anthu a m'madera ena. Pa mtengo wa yuniti iliyonse idaikapo kachigawo kothandizira anthu wamba kumanga masola ndi timakina tina tating'ono. Mu 2009 idasanduka kopaletivi, ndipo mu 2011 Mai Sladek adalandira mphotho ya Goldman ya osamalira chilengedwe.

Zimene tiphunzirapo

Choyamba, gulu limasandutsa kudziletsa kwa munthu mmodzi kukhala chinthu chooneka. Mabanja ambiri akachepetsa pamodzi nawerengera pamodzi, chiwerengero chimene chimatuluka sichinganyozedwe, ndipo aliyense amalimba mtima poona kuti sali yekha.

Chachiwiri, gulu limafunsa mafunso amene munthu payekha sangayankhidwe. Chilolezo cha zaka 20 chikadasainidwa mwakachete-chete, anthu osadziwa kuti amangidwa kwa mbadwo wathunthu. Adachiimitsa ndi anthu amene adawerenga malamulo, nadziwa tsiku limene chilolezo chakale chinkatha.

Chachitatu, gulu likhoza kukhala mwini. Pamene wogulitsa ndi wogula ali anthu omwewo, kusagwirizana kuja pakati pa phindu ndi kusamala kumachepa. Komabe walira mvula walira matope. Amene atenga mawaya atenganso ngongole, kukonza zoonongeka pakati pa usiku, ndi madandaulo a oyandikana nao. Anthu a ku Schönau adayenera kuphunzira luso la magetsi ndi kawerengedwe ka ndalama, pakuti mtima wabwino wokha suyatsa nyale.

Malire a chitsanzochi

Tisaiwale kuti Schönau idali ndi zinthu zimene malo ambiri alibe: anthu opeza bwino, lamulo lolola referendamu ya m'tauni, ndi abwenzi m'dziko lonse okonzeka kusonkha. Tisaiwalenso kuti pafupi-fupi theka la ovota lidakana. Okanawo sadali anthu oipa; ambiri ankangoopa kuti anthu osadziwa ntchitoyo adzawasiya mu mdima. Gulu la anthu wamba silikhala lolondola chifukwa chabe chakuti si la Boma. Liyenera kuonetsa mabuku ake poyera ndi kulola kugonja pa voti. Ndiponso sililowa m'malo mwa Boma, pakuti mawaya akulu-akulu olumikiza dziko lonse ndi malamulo oteteza osauka zimafuna ulamuliro woposa wa tauni imodzi.

Chimene chingatengedwe kupita nacho kwina ndi ndondomeko ya ntchito yao. Adayamba ndi mita ya m'nyumba zao, kenaka adafika ku khonsolo, ndipo mawaya adawagula patapita zaka 11. Gulu lililonse limene lifuna kumveka pa nkhani ya magetsi liyambe ladziwa mayuniti amene mamembala ake amagwiritsa ntchito, ndi nthawi imene amawagwiritsira ntchito.