Mphotho ya Bałaban: mphunzitsi anafera mu ghetto, dzina lake likulerabe ophunzira

Pamsewu wa Tłomackie mumzinda wa Warsaw, ku Poland, pali nyumba yomwe pansi pake, ukangolowa pakhomo, pakuonekabe mabala a moto. Moto wake ndi wa pa 16 May 1943, tsiku lomwe mkulu wa asilikali a Nazi, Jürgen Stroop, anaphulitsa sunagoge wamkulu wa Ayuda yemwe anali pafupi pomwepo. Sunagogeyo anatheratu, koma nyumba ya mabuku yoyandikana nayo inapulumuka, ndipo kuyambira 1947 ndimo mukhala bungwe lofufuza mbiri ya Ayuda la Jewish Historical Institute. Bungweli limachititsa mpikisano wa ophunzira omwe angomaliza kulemba kafukufuku wa digiri ya masitala kapena ya PhD pa nkhani za Ayuda. Mphotho yake anaitcha dzina la a Majer Bałaban.

A Bałaban anabadwira ku Lwów mu 1877. Moyo wawo anauthera m'mabuku akale a makhoti, a masunagoge ndi a makhonsolo, kulemba mbiri ya Ayuda a ku Lwów, Kraków ndi Lublin, yomwe akatswiri amaigwiritsabe ntchito mpaka lero. Koma ku Warsaw amakumbukidwa kwambiri ngati mphunzitsi. Anali mmodzi wa anthu omwe anayambitsa sukulu ya maphunziro a Chiyuda mu 1928, ndipo anaphunzitsanso pa yunivesite ya Warsaw. Ophunzira awo ankaphunzira movutika. Pofika 1937 mayunivesite a ku Poland anali ataloledwa kupatula mabenchi oti Ayuda azikhala okhaokha. Ambiri anakana kunyozedwa chotero, nasankha kumvera maphunziro onse ali chiimire.

Achinyamata a nthawi imeneyo sankadikira kuitanidwa. Mu 1923 Emanuel Ringelblum, akadali wophunzira, ndi Raphael Mahler anayambitsa kagulu ka olemba mbiri achinyamata. Ringelblum anatenga PhD mu 1927, koma chakudya ankachipeza pophunzitsa kusekondale. Ajeremani atatsekera Ayuda oposa 400,000 m'dera lotchingidwa ndi mpanda, lotchedwa ghetto, mu November 1940, iye ndiye anasonkhanitsa gulu lachinsinsi la Oneg Shabbat kuti lizilemba ndi kutolera chilichonse: makalata, makadi olandirira chakudya, zolemba za ana asukulu, maumboni a anthu othawa kumalo ophera. Mu August 1942, sitima zikututa anthu tsiku ndi tsiku kupita nawo kumalo ophera anthu ku Treblinka, mphunzitsi Israel Lichtenstein ndi anyamata awiri, David Graber ndi Nachum Grzywacz, anakwirira mabokosi achitsulo khumi pansi pa sukulu ina pamsewu wa Nowolipki. Graber anali ndi zaka 19. Mwa atatuwo palibe amene anapulumuka. A Bałaban anamwalira mu ghetto momwemo mu December 1942, ndipo Ringelblum anawomberedwa mu March 1944.

Mabokosiwo anafukulidwa mu 1946, ndipo mu 1950 kunapezekanso zigubu ziwiri za mkaka zodzaza ndi mapepala. Onse pamodzi ndi masamba pafupifupi 35,000, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolembedwa zofunika padziko lonse mu 1999. Apa mpamene nkhani ya mphotho imamveka bwino. Mabokosi oyamba aja analowa madzi. Masamba anamatana, inki inasungunuka, nkhungu inadya m'mbali. Wofufuza amalandira tsamba lolembedwa pamanja m'Chiyidishi, mwina m'Chipolishi kapena m'Chiheberi, wolembayo atabisa dzina lake ndi zilembo ziwiri poopa kugwidwa. Ayenera kufananiza kalembedwe ka dzanja ndi masamba ena kuti adziwe mwini wake, kenako n'kufufuza ngati mudzi wotchulidwawo ndi womwewo uli m'malipoti a Ajeremani. Ntchito yosindikiza zolembazi inayamba mu 1997 ndipo yatulutsa mabuku oposa 30. Luso lotere munthu sabadwa nalo. Amaliphunzira zaka zambiri, nthawi yomwe anzake ausinkhu wake ayamba kale kulandira malipiro.

Mmera mpoyamba. Amene akukayika aone zomwe zinachitikira Raul Hilberg ku America. Atasankha kufufuza momwe maofesi a boma la Germany, kuphatikizapo a njanji, anayendetsera kuphedwa kwa Ayuda, mphunzitsi wake ku Columbia University, Franz Neumann, anamuchenjeza kuti mutu umenewo umukwirira pantchito. Osindikiza mabuku angapo analikana buku lake. Linatuluka mu 1961 ku Chicago, ndipo zinatheka chifukwa Frank Petschek, Myuda wothawa ku Czechoslovakia, anathandiza ndi ndalama zosindikizira. Ajeremani analiwerenga m'chinenero chawo mu 1982. Lero palibe amene angaphunzire za Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda kuja, osadutsa m'buku limeneli, The Destruction of the European Jews, koma panatsala pang'ono kuti liwolere m'kabati. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la mphotho ngati ya Bałaban lili pamenepa: akatswiri odziwika amakhala pansi n'kuwerenga ntchito ya munthu yemwe dzina lake silinamveke, n'kunena poyera kuti ndi yabwino. Mawu amenewo amamveka kwa osindikiza mabuku ndi kwa olemba ntchito.

Ku Poland nkhaniyi ikadali yotentha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe dzikolo linali ndi Ayuda oposa mamiliyoni atatu, ndipo pafupifupi mamiliyoni atatu anaphedwa. Mwa ochepa omwe anatsala, ena pafupifupi 13,000 anachoka boma la chikomyunizimu litawayambira kampeni yachidani mu 1968. Choncho ambiri omwe akulemba mbiriyi lero si Ayuda. Ndi ana a m'matauni momwe Ayuda anali ochuluka kale, ndipo mafunso awo amakhudza agogo a anthu omwe amakumana nawo kumsika. Mu February 2021 khoti la ku Warsaw linalamula akatswiri awiri, Barbara Engelking ndi Jan Grabowski, kuti apepese pa zomwe buku lawo linanena za mfumu ya mudzi wina m'nthawi ya nkhondo. Khoti la apilo linathetsa chigamulocho mu August chaka chomwecho. Awiriwa ndi akuluakulu, ali ndi mayina ndi owaimira. Wophunzira wazaka 26 amene ankatsatira mlanduwo alibe zonsezo, ndipo n'zomveka ngati anayamba kuganiza zosankha mutu wina wosavuta.

Mphotho simupatsa ntchito wophunzira wotereyu, ndipo simulipirira loya. Mayunivesite ndi maboma ndiwo ali ndi udindo umenewo, ndipo asabisale kumbuyo kwa mwambo wopereka satifiketi. Chomwe mpikisanowu umamupatsa ndi bungwe lokonzeka kuika dzina lake pambali pa zomwe iye wapeza, pa nthawi yomwe akuganiza ngati apitirize kapena asiye.