MPWEYA WA MAKALA UPHA ANTHU ALI M'TULO

Mwezi wa Juni ukafika dzuwa limalowa msanga, ndipo mphepo yozizira imayamba kuomba kucokera ku madambo. Ku Chipata, ku Katete, ku Lundazi ndi ku Petauke konse anthu amadya nsima yamadzulo atazungulira mbaula, ana atapinda miyendo, agogo atafunda citenje kumutu. Nthawi yogona ikakwana makala amakhala akali ofiira, ndipo mai wa panyumba, poona kuti ana ali kunjenjemera ndiponso bulangete ndi limodzi, amanyamula mbaulayo nalowa nayo m'cipinda, natseka citseko ndi zenera kuti kufunda kusathawe. Amacita zimenezi cifukwa ca cikondi. Koma caka ndi caka m'nyengo imeneyi kumamveka za anthu opezeka m'mawa atafa m'nyumba zao, pathupi popanda bala, mbaula yozima ili pambali pa mphasa.

Imfa yotere imadabwitsa mudzi wonse, pakuti dzulo lake munthuyo anali kuseka ndi anzake. Pamaliro manong'onong'o amayamba, ena kukaikira ndiwo zimene anadya, ena kuloza nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi. Cikhalireco wakupha sali munthu ai. Ndi mpweya wochedwa carbon monoxide, umene umatuluka pamene nkhuni, makala, parafini kapena petulo zili kuyaka pamalo pocepa mphepo. Mpweyawu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo suwawa m'maso.

Ambiri akhulupirira kuti makala akafiira ndi kuleka kufuka ndiye kuti ngozi yatha. Kulakwa kwakukulu kuli pamenepa. Utsi uli ndi ubwino wake umodzi, wakuti umalasa m'maso ndi kudzutsa munthu. Makala ofiira, amene a m'tauni amati malasha, amapitirira kutulutsa carbon monoxide mwakacetecete kufikira atasanduka phulusa, ndipo m'cipinda cotseka mpweyawo umaunjikana usiku wonse.

M'magazi a munthu muli cinthu cochedwa haemoglobin, cimene cimafiiritsa magazi, ndipo nchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino wa okosijeni kucokera m'mapapo kupita nao ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Carbon monoxide imakakamira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Ili ngati mlendo amene wakhala pa mpando wa mwini nyumba nakana kunyamuka. Munthu amapuma ndithu, koma magazi ake amayenda opanda katundu amene thupi lifuna. Amayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka, ndipo popeza zizindikiro zimenezi zifanana ndi za malungo, ambiri amangomwa mankhwala a mutu nabwerera pamphasa. Amene ali m'tulo, kapena wagona atamwa mowa, samva kanthu konse. Makanda, amai apakati, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amagonja msanga.

Pali cinthu cina cimene anthu sacilingalira. Nyumba zakale za udzu zinali ndi mipata pakati pa khoma ndi denga, ndipo mphepo inali kulowa ndi kutuluka. Nyumba za makono za njerwa zoocha, za malata, za mazenera agalasi ndi zitseko zokhala bwino, ndi zokongola ndiponso zolimba, koma zimasunga mpweya ngati mtsuko wobvundikira. Mwambo wolowetsa moto m'nyumba watsala monga kale pamene nyumba zasintha.

Bvutoli si la m'midzi yokha, ndipo silinayambe lero. Wolemba mabuku wochuka wa ku France, Émile Zola, anafa ndi mpweya womwewu mu 1902 mu mzinda wa Paris, cifukwa cumuni ca nyumba yake cinali cotsekeka. M'migodi ya malasha ya ku Britain anchito anali kutsika pansi ndi timbalame tochedwa canary m'zikwere, potsata uphungu wa katswiri John Scott Haldane. Kambalame kamafooka msanga kuposa munthu, cotero kakagwa pa mtengo wake amuna onse anali kuthawa. Timbalameto tinapumula nchito mu 1986, pamene makina anatenga malo ao.

Makina otere tsopano ali m'nyumba za anthu, ndipo amachedwa ma alamu. Ndi tizipangizo ta pulasitiki tonga kambale, toyendera batire kapena magetsi, timene timalira mokweza tikamva ngozi. Pali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake nkofunika. Alamu ya utsi imacenjeza za moto: mkati mwa yambiri muli kakuwala kocepa, ndipo utsi ukalowa ndi kumwaza kuwalako, imalira. Alamu ya carbon monoxide ili ndi mankhwala amene amamva mpweya wa poizoniwo. Alamu ya utsi siingamve mpweya wa mbaula, kupatula ngati pa cikuto pake palembedwa kuti imagwira nchito zonse ziwiri. Ku England lamulo la mu 2015 linakakamiza eni nyumba za lendi kuika ma alamu a utsi, ndipo mu 2022 linakulitsidwa kuti m'cipinda ciriconse cokhala ndi coothera kapena cotenthetsera madzi coyaka moto mukhalenso alamu ya carbon monoxide. Ku Scotland, kuyambira mu February 2022, lamulo lotere likhudza nyumba zonse. Makolo amene anapitako kukaona ana ao ogwira nchito ku maiko amenewo anationa timbale timeneti kudenga, ndipo ena anadzidzimuka nato pokazinga nyama.

Kudzidzimuka kumeneku ndiko kumabala cizolowezi coipa. Alamu ikalira pamene mai ali kukazinga, kapena ikayamba kulira pang'onopang'ono pakati pa usiku, bambo wa panyumba amakwera pa mpando, nacotsa batire, nanena kuti adzabwezera mawa. Mawa limenelo silifika. Ozimitsa moto m'maiko ambiri akhala akudandaula kuti m'nyumba zopsa amapeza alamu ili kudenga koma yopanda batire. Kucita cotero kufanana ndi kumanga galu pakamwa cifukwa wauwa usiku.

Alamu ili ndi cinenero cake, ndipo mwini wake ayenera kucidziwa. Kulira kwamphamvu kosalekeza ndi cenjezo la ngozi. Pa ma alamu ambiri, makamaka a ku America, kulira katatu ndi kupuma kutanthauza utsi, pamene kulira kanai ndi kupuma kutanthauza carbon monoxide. Kulira kamodzi kofupika ngati kwa mwanapiye, kobwerezedwa pa mphindi iliyonse kapena theka lake, kutanthauza kuti batire yatha mphamvu kapena alamuyo yakalamba. Popeza opanga ndi osiyana, kapepala kamene kamabwera m'bokosi kayenera kusungidwa.

Ngati utsi wa pophika ndiwo waliritsa alamu, ndipo munthu waona ndi maso ake kuti palibe cimene cikupsa, pa alamupo pamakhala batani. Akalikanikiza imakhala cete mphindi zowerengeka, pamene iye atsegula mazenera kuti utsi utuluke, ndipo pambuyo pake imayambanso yokha kulondera. Koma alamu ya carbon monoxide ikalira, nkhani ndi ina. Munthu sadzaona utsi, sadzamva fungo, ndipo mtima udzamuuza kuti makinawo aonongeka. Asautsate mtima umenewo. Adzutse onse, atsegule zitseko, atuluke nao panja, ndipo asabwerere m'nyumba kufikira cimene cinali kuyaka citacotsedwa ndi mphepo italowa mokwanira.

Ma alamu amakalambanso ngakhale aoneke oyera ngati atsopano. Kuseri kwa iliyonse kuli tsiku limene inapangidwa kapena limene iyenera kutayidwa. Ya utsi isinthidwe ikatha zaka 10. Ya carbon monoxide imatha pakati pa zaka 5 ndi 10, cifukwa mankhwala ake amaguga, ndipo kuika batire yatsopano sikungaitsitsimutse. Ma alamu ena amabwera ndi batire yomatidwa mkati yokhala zaka 10. Imeneyo siitsegulidwa, ikatha amagula alamu ina. Kwa ena onse batire isinthidwe kamodzi pacaka, ndipo mwezi wa Meyi, cisanu cisanafike, ndiwo woyenera kuno. Kamodzi pamwezi munthu akanikize batani kuti amve ngati ikali kulira, ndi kupukuta fumbi ndi ukonde wa akangaude. Amene walandira alamu kucokera kwa mbale wa kunja, kapena waigula yogwirapo kale nchito, ayambe wayang'ana tsiku limenelo.

Malo oikapo ndi ofunikanso. Utsi umakwera m'mwamba, cotero alamu yake ikhale kudenga, mamita atatu kapena kuposa kucokera pophikira. M'khichini ya m'mudzi, mmene nkhuni zimafuka tsiku lonse, ingalire kosaleka. Malo ake ndi m'nyumba yogona. Ya carbon monoxide ikhale pafupi ndi pamene anthu agona, pakuti nchito yake yaikulu ndi kudzutsa.

Cilala ca mu 2024 cinaonjezera ngozi ina. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo a magolosale, a zigayo ndi a mabala anagula majenereta. Poopa akuba, ena amaliza jenereta m'nyumba kapena pakhonde lotsekedwa. Injini ya petulo imatulutsa carbon monoxide yoculuka, yokhoza kupha m'mphindi zocepa. Akatswiri a zaumoyo alangiza kuti ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kucokera pa citseko ndi pa mazenera.

Mabanja ambiri a m'midzi alibe alamu, ndipo ngakhale amene ali nayo sapatsidwa nayo ufulu wogona ndi moto. Mbaula iotheredwe panja kapena pamalo potseguka, ndipo nthawi yogona isalowe m'cipinda, ngakhale zenera litasiyidwa pang'ono. Ana angafunditsidwe ndi zobvala zoonjezera, kapena ndi botolo la madzi ofunda lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'nsalu.

Anthu angapo a m'nyumba imodzi akadzuka onse ali ndi mutu ndi kusanza, napeza bwino atakhala panja, ayenera kukaikira mbaula asanakaikire udzudzu. Wopezeka atakomoka aturutsidwe msanga ku mphepo, agonekedwe cam'mbali kuti masanzi asamutsamwe, ndipo asamwetsedwe kanthu. Mkaka, umene ambiri amathamangira, sucotsa poizoniyu. Mankhwala ake ndi okosijeni wa ku cipatala: pa mphepo wamba thupi limatenga maola anai kapena asanu kuti licotse theka la poizoniyo, koma ndi okosijeni limatenga ngati ola limodzi ndi theka. Operekeza wodwala anene poyera kwa anamwino kuti m'cipinda munali mbaula kapena jenereta. Ndipo ngakhale wodwalayo atatsitsimuka panjira, ulendo upitirire, cifukwa ena amayamba kuiwalaiwala, kusokonezeka maganizo kapena kubvutika poyenda patapita masiku kapena milungu.